Kupenta munthu atakhala patsogolo pako ndi penti wamafuta, zomwe ndaona ine kuno ku Mulanje

Ine ntchito yondidyetsa ndi yolemba zikwangwani, mashopu angapo a pa Chitakale ndi ku Limbuli zilembo zakezo ndi dzanja langa, koma chomwe mtima wanga uli pomwepo ndi kupenta anthu. Kwa nthawi yaitali ndinkapanga zomwe ambirife timapanga, munthu akutumizira foto pa WhatsApp, iwe nkuikopera pa chinsalu, akulipira, basi zatha. Anyamata amene amabwera kudzaonerera ndikamagwira ntchito akhala akundifunsa kuti achimwene bwanji masiku ano mumavutikira kukhazika munthu pampando maola ndi maola pomwe foni ilipo, nde ndati ndingolemba zonse pamodzi mwina zithandiza wina amene chidwi ali nacho koma womuuza alibe.

Foni imasintha munthu, ndipo ukamakopera umakoperanso zosinthazo osadziwa. Ukatola munthu uli pafupi, chilichonse choyandikira kamera chimakula, mphuno, chipumi, dzanja limene lili pabondo, pomwe makutu amachepa nkubisala. Kuonjezera apo foni imadzikonzera yokha kuwala, khungu lathu lakudali nthawi zina imaliyeretsa mpaka kutuwa, nthawi zina imangolisiya bii osaoneka kanthu, ndipo mafoni ena amasalaza nkhope mpaka makwinya onse kuchoka. Mumthunzi, pansi pa chibwano kapena kuseri kwa mkono, foto imangokupatsa mdima umodzi pomwe maso ako akayang'ana munthu weniweni amaona mitundu itatu kapena inayi mmenemo. Chomwe chinandichotsa pa foto ndi chimenechi.

Musanaganize zogula penti ganizani kaye za munthu amene akakhale pampandopo, chifukwa ntchito yaikulu ili apa. Kuno kwathu munthu sangokuvomera kuti umuyang'anitsitse kuyambira kumutu mpaka kuphazi kwa maola awiri. Ena amaopa kuti chithunzicho ukachita nacho zamankhwala, ena amati ukachigulitsa kwa azungu obwera kudzakwera phiri ndalama zambirimbiri iwo osaonapo olo tambala. Ine mantha amenewa sindiwaseka, makamaka achiwiriwo ali ndi nzeru ndithu. Choncho ndinayambira pachibale. Mayi anga aang'ono amathyola tiyi pa esiteti ina konkuno, ndinapita kwawo ndimvekere,

"Mayi, ndimati Lamulungu mukachoka kutchalitchi mudzandikhalireko pampando ndikujambuleni ndi penti."

Iwo amvekere, "Iwe mwanawe si uli ndi foni? Ungonditola kamodzi ndizipita, ine ndili ndi zochapa zanga."

Ndinawafotokozera zonse, kuti zitenga masiku angapo, kuti ndiwalipira ngati ganyu, kuti chithunzicho sichipita kulikonse iwo asananene. Anakhala chete kenako akuti, "Chabwino, koma bambo ako aang'ono ukawauze wekha, asadzamve kwa anthu." Ndinapitadi kukawauza, ndipo tsiku loyamba anabwera okha kudzaona, anakhala pakhonde akumvera wailesi mpaka tinamaliza. Ameneyo ndi malangizo anga oyamba kwa aliyense, ngati ndi mayi wapabanja amuna awo adziwe kuchokera kwa iwe, ngati ndi mtsikana makolo kapena amalume ake adziwe, abwere ndi mnzake wamkazi, chitseko chikhale chotsegula nthawi yonse. Mwana wamng'ono popanda kholo lake pomwepo ayi.

Ndikudziwa funso limene ambiri ali nalo koma amachita manyazi kufunsa. M'masukulu a zojambula ku Ulaya ndi kwina ophunzira amapenta munthu wosavala, ndipo cholinga chake ndi kuphunzira mmene mafupa ndi minofu zimakhalira, si zachibwana ayi. Koma pamudzi pano musayerekeze, mudzaononga dzina lanu ndi la munthu wosalakwayo, ndipo iyeyo ndi amene adzavutike kwambiri kuposa inu. Thupi mukhoza kuliphunzira bwinobwino popanda zimenezo. Mwamuna atavala kabudula yekha palibe amadabwa naye, tsiku lililonse timawaona oumba njerwa ndi olima kudimba ali choncho, ndipo pamenepo muli ndi msana, nthiti, mapewa, ntchafu, akatumba, zonse poyera. Mayi atavala bulauzi ya manja aafupi ndi chitenje akukupatsani khosi, mikono, manja ndi mapazi, zimenezo zokha ndi ntchito ya zaka.

Malipiro mugwirizane musanayambe ndipo muzipereka tsiku lomwelo, osati mawa. Kukhala osasuntha ndi ntchito yowawa, amene sanayesepo amaona ngati nkupuma. Ine ndimaikaponso tiyi wa shuga ndi mbatata kapena chinanazi, munthu wanjala sakhazikika.

Za kakhalidwe. Mayi aang'ono ankafuna ndiwapente mmene amakhalira m'munda, dengu kumsana atawerama pang'ono manja ali pamasamba, ndipo nanenso ndinkafuna chomwecho chifukwa ndi mmene anthu amawadziwira. Koma kuwerama uku ukuyenda nkosiyana ndi kuwerama utaima malo amodzi, pasanathe mphindi zisanu msana unayamba kuwawa mikono nkumatsika yokha. Tinagwirizana kuti zoweramazo ndizijambule msangamsanga ndi makala papepala, kamphindi kawiri katatu iwo nkuongoka, koma chithunzi cha pentiwo akhale pampando, dengu lili pansi pambali pawo. Sankhani kakhalidwe kamene munthu angakhale nako osavutika, msana utatsamira, manja ali ndi pogona, mapazi onse pansi. Kupinda mwendo pa unzake kumaoneka bwino koma mwendo umachita dzanzi. Kuseka nakonso musawapemphe, palibe angaseke mphindi 20.

Mphindi 20 kapena 25 akhale, kenako apume zisanu, ayende, atambasule miyendo. Ikani alamu pafoni kuti musamachite kuyerekeza, chifukwa iwe ukalowa m'ntchito nthawi suiona, ndipo anthu akuluakulu ulemu umawaletsa kunena kuti ndatopa, amangopirira. Asanadzuke tengani choko muzungulize mapazi awo pansi, miyendo ya mpando, pomwe chigongono chagona, ndipo pakhoma muike kachizindikiro pomwe maso awo aziyang'ana. Nanunso pomwe mwaima mulembepo, mukasuntha phazi limodzi lokha mphuno ndi khutu zasintha kale malo. Ngakhale mutachita zonsezi sadzabwerera ndendende mmene analili, mutu umapendekeka pang'onopang'ono kutsata kutopa, phewa limagwa. Musamathamangitse kusintha kulikonse. Kakhalidwe kamene munaika poyamba ndi komweko, mukaona kuti apita patali muwapemphe mwaulemu, "Mayi, tadzutsaniko chibwano pang'ono, eya pomwepo." Osawagwira ndi manja anu odetsedwa ndi penti, ndipo olo akhale oyera, kugwira munthu osapempha si bwino.

Chimene sindidzaiwala pa mayi aang'ono ndi manja. Atakhala kanthawi maganizo atapita kwina, chala chachikulu ndi chamkombaphala zinayamba kuyenda zokha pachitenje, kutsina nkusiya, kutsina nkusiya, mmene amathyolera masamba awiri ndi kansonga kake. Nsonga za zala ziwirizo nzolimba, zong'aluka timizere, ndipo zili ndi mtundu wakewake wa bulauni wopita ku girini umene sopo sachotsa, zikhadabo zodulidwa mpaka pamnofu. Kuseri kwa dzanja mitsempha ili tolotolo, khungu lakuda kwambiri pamfundo za zala, koma chikhato chikatembenuka pang'ono mumaona chikasu ndi kufiirira. Pa foto zonsezi zikanangokhala kabulauni kamodzi. Ndinathera tsiku lathunthu la ntchito pa manja okha ndipo aliyense woona chithunzicho amayambira kuyang'ana pomwepo asanafike kunkhope.

Kuwala kukhale kochokera mbali imodzi. Tsekani mawindo ena ndi chiguduli kapena katoni musiye limodzi, munthu akhale chammbali mwake kuti theka la nkhope liwale theka likhale mumthunzi. Mabuku ndi mavidiyo ambiri amati windo loyang'ana kumpoto, koma amenewo amalembera anthu a ku Ulaya ndi America. Ife tili kummwera kwa equator, miyezi yambiri dzuwa limadutsira chakumpoto kwathu, nde windo lopatsa kuwala kofatsa kosasinthasintha ndi loyang'ana kummwera. Kungoti kuyambira cha mu Novembala mpaka kumayambiriro a Febuluwale dzuwa limapendekera kummwerako, miyezi imeneyo muzionetsetsa kuti lisalowe mwachindunji. Muzigwira maola omwewo tsiku lililonse, ine ndimakonda kuyambira 8 koloko mpaka cha m'ma 11, kupitirira apo malata atentha ndipo kuwala kwasintha. Usiku ndi babu ayi, mitundu imene mwasakaniza usiku mmawa mudzaikana.

Pakhonde napo mpabwino kwambiri koma dziwani kuti dothi lathu la katondo limabweza kuwala kofiira pansi pa chibwano, pansi pa mphuno ndi kumunsi kwa mikono. Mukakhala pafupi ndi munda wa tiyi kapena nthochi, mbali ina ya nkhope itenga girini. Zimenezi musazichotse, ndi zomwe zimapangitsa munthu aoneke kuti ali pamalo penipeni. Nyengo ya chiperoni, mwezi wa Juni ndi Julayi phiri litabisika ndi nkhungu, kuwala kwake nkokoma zedi, kofewa, kosasintha mmawa wonse, koma wokhala pampandoyo amazizidwa kuposa iwe amene ukuyendayenda. Afunditseni bulangete kumiyendo tsiku limenelo mupente nkhope. Mbaula m'chipinda chimene muli turpentine, mankhwala osungunulira penti wamafuta, musalowetse.

Zida sizifuna zambiri. Penti wake ndi wa m'machubu, amapezeka m'mashopu ena a zolembera ku Blantyre, apo ayi kutuma wina wochokera ku Johannesburg, ndipo ngodula, choncho musataye ndalama pa bokosi la mitundu yambirimbiri timachubu tating'onoting'ono. Gulani chubu chachikulu cha titanium white, kenako yellow ochre, abulauni awiri burnt sienna ndi burnt umber, ultramarine blue ndi wofiira mmodzi wamphamvu ngati cadmium red. Anders Zorn wa ku Sweden, amene anamwalira mu 1920, amadziwika kuti zithunzi zambiri za anthu ankazipenta ndi mitundu inayi yokha, woyera, yellow ochre, wofiira ndi wakuda. Iye anthu ake anali azungu, ife tikufunika bulauni ndi buluu kuonjezera, koma mfundo yake ndi yomweyo, mitundu yochepa imagwirizana yokha. Penti wa gulosi wa kuhadiweya, amene timati wa oilo, ine ndimamugwiritsa tsiku ndi tsiku pa zikwangwani ndipo ndimamudziwa bwino, pa khungu la munthu sathandiza, amayenderera, amayamba kumata msanga ndipo sungasakanize mitundu pathabwa.

Popentapo, hadibodi kapena pulayi yopalidwa bwino ndi sandipepa ndi yotchipa kuposa kanvasi ndipo sibooka. Kaya thabwa kaya nsalu, pakani kaye gesso, penti woyera woyambira amene amatchinga mafuta kuti asalowe, kawiri kapena katatu, pophunzirira penti wamadzi woyera wa PVA amagwira ntchito. Mafuta akalowa m'nsalu yosapaka kanthu amaiwoletsa pakapita zaka. Zikauma pakani burnt sienna kapena umber wosungunula kwambiri thabwa lonse nkupukuta ndi kansalu kuti lisakhale loyera mbee. Ichi pa khungu lakuda nchofunika kwambiri, pathabwa loyera mtundu uliwonse umene waika umaoneka wakuda mopitirira, nde dzanja limathamangira kuonjezera woyera, mapeto ake munthu watuwa. Posakanizira ine ndimagwiritsa galasi lakale la windo, pansi pake ndinaika katoni ya bulauni, likada ndimapala ndi lezala.

Thupi ndinaliphunzira kwambiri pa amalume. Iwo amanyamula zikwama za alendo kuyambira pa Likhubula kukwera ku Chambe, nthawi zina mpaka ku Sapitwa komwe ndi mamita 3,002, ndipo anavomera kuima atavala kabudula atagwira ndodo yawo. Anangoti, "Mphwanga, bola usandichedwetse alendo akabwera." Poyeza, tambasulani mkono wonse chigongono chisapindike, tsinzinani diso limodzi, nsonga ya burashi ifanane ndi pamwamba pa mutu, chala chachikulu chitsike mpaka pachibwano, umenewo ndi mutu umodzi, kenako werengani kuti mitu yotero ikulowa kangati mpaka kuchidendene. Munthu wamkulu nthawi zambiri ndi mitu 7 ndi theka. Pakati penipeni pa msinkhu pali pomwe miyendo yayambira, osati pamchombo, chigongono chimafika cha m'chiuno, nsonga za zala pakati pa ntchafu, maso ali pakati pa mutu osati kumtunda, ndipo dzanja lotambasula limatalika pafupifupi ngati nkhope kuchokera pachibwano kufika cha pachipumi. Oyamba kumene pafupifupi onse manja ndi mapazi amazichepetsa, mutu nkuukulitsa.

Koma manambala amenewa ndi ongokuthandizani kuona pomwe munthu wanu wasiyana nawo. Amalume ndi aafupi, mitu 7 sinakwane bwino, akatumba ndi ntchafu zazikulu kuposa mmene chifuwa chawo chilili, khosi limatsogola kutsogolo ngati akadali ndi katundu, phewa lamanja ndi lotsika kuposa linzake ndipo pamwamba pa mapewa onse pali khungu lokhuthala lakuda pomwe malamba a chikwama amadutsa. Ndikanawaongola kuti afanane ndi za m'buku akanakhala munthu wina. Pentani amene ali patsogolo panuyo.

Munthu woima, chinsinsi chili pa mwendo umene wasenza thupi. Mangani kamwala kukaulusi mukalendewetse patsogolo panu, muona kuti kadzenje kapakhosi kaja, pakati pa mafupa awiri, kali pamwamba penipeni pa phazi limene lasenza. Mbali imeneyo chiuno chimakwera phewa nkutsika, mbali inayo chiuno chimagwa. Mukaphonya apa munthu amaoneka ngati akugwa olo nkhope ifanane bwanji. Muime patali, mamita awiri kapena atatu kuchokera kwa iye, kuti mumuone yense nthawi imodzi osagwedeza mutu, ndipo pafupipafupi muzibwerera mmbuyo kuyang'ana thabwa ndi munthu pamodzi. Kagalasi koyang'anira nkhope nako nkothandiza, ukatembenuka nkuona chithunzicho m'galasi zopendekeka zonse zimaonekera nthawi yomweyo.

Poyamba kupenta musayambire maso, ndikudziwa dzanja limafuna kupita komweko. Tengani burashi yaikulu ndi umber wosungunula, ikani pamwamba pa mutu, pansi pa mapazi, mzere wa mapewa, mzere wa chiuno, kenako finyani maso mpaka zinthu zing'onozing'ono zisowe mutsale ndi zigawo ziwiri zokha, powala ndi pamthunzi. Dzazani mthunzi wonse ngati chinthu chimodzi, kuyambira pachipumi kutsika tsaya, khosi, mkono mpaka mwendo. Pakalakwika pukutani ndi kansalu, ubwino wa penti wamafuta ndi umenewu, amakudikira. Mudzadabwa kuti munthu amayamba kufanana mthunzi ukangokhala pamalo pake, maso ndi milomo zisanalowe nkomwe.

Tsopano khungu lathu, apa mpomwe ndikufuna mumvetsetse chifukwa mavidiyo ambiri ophunzitsa amaonetsa khungu la azungu ndipo ukatsata masakanizidwe awo sizituluka. Choyamba, wakuda wa m'chubu pakhungu ine sindiika, amapha mtundu. Mdima wanga ndimasakaniza ultramarine ndi burnt umber, ndikafuna ufunde ndimaonjezera umber kapena kafiira, ndikafuna uzizire ndimaonjezera buluu. Chachiwiri, powalitsa bulauni musathamangire woyera. Bulauni wothira woyera yekha amatuluka ngati miyendo ya mwana wosadzola mafuta mwezi wa Julayi. Kuchokera mumthunzi kupita powala kwerani ndi burnt sienna, kenako sienna ndi yellow ochre, kafiira pang'ono pamasaya, pamlomo wammunsi ndi pakhutu ngati kuwala kukudutsamo, woyera alowe kumapeto kwenikweni ndipo pang'ono.

Chachitatu ndi chimene anthu sakhulupirira mpaka ataona okha. Khungu lakuda limanyezimira, limabweza mtundu wa chimene chikuliwalitsa. Pachipumi, pamwamba pa mafupa a masaya, pamsana pa mphuno, pamapewa, kunyezimira kumene mukuona pamenepo nthawi zambiri si koyera kapena chikasu, ndi kotuwira ku buluu kapena pepo chifukwa ndi thambo limene likuonekera pakhungupo. Sakanizani woyera, ka ultramarine ndi ka sienna pang'ono kuti kasakuwe, muike ndi burashi kamodzi nkusiya, osapakapaka. Pa amalume, atatuluka thukuta pang'ono, phewa loyang'ana kuwindo linali la buluu ndithu pomwe pansi pa nkhwapa ndi kumimba kunali kofiira kochokera pansi, ndinaika mmene ndinaonera ngakhale pagalasi losakanizira mitunduyo inkaoneka yachilendo, ndipo nditabwerera mmbuyo thupi linali lozungulira, lolemera, lamoyo. Khulupirirani maso anu kuposa zimene mutu ukukuuzani kuti munthu wakuda ndi wa bulauni.

Anthu athu nawonso si amtundu umodzi, ndipo thupi limodzi lomwelo lili ndi mitundu yosiyana. Nkhope ndi mikono ya wogwira ntchito padzuwa nzakuda kuposa chifuwa ndi mkati mwa mkono, zigongono, maondo ndi mfundo za zala nzakuda kwambiri, zikhato ndi kuphazi nzowala. Choyera cha m'maso si choyera, chili mumthunzi wa chikope, ikani chotuwira chopita ku chikasu, mano chimodzimodzi. Ndipo kanthu kena kakang'ono, muwapemphe kuti mafuta odzola azidzola mofanana tsiku lililonse lobwera. Mayi aang'ono tsiku lina anabwera atadzola Vaseline wambiri poti kunkazizira, nkhope yonse inali ng'aning'ani mosiyana ndi mmene tinayambira, tsiku limenelo tinangopenta chitenje ndi mapazi.

Mthunzi ukhale wopyapyala, powala penti akhale wokhuthala. Mmphepete musazungulize munthu ndi mzere wakuthwa ngati chilembo cha pachikwangwani, ife olemba zikwangwani dzanja linazolowera zimenezo nde tiyenera kusamala kuposa ena. Pomwe fupa lili pafupi ndi khungu, pachigongono, pachibwano, pa kakolo, pakhale pakuthwa, koma pomwe mnofu ukuzungulira monga tsaya kapena ntchafu, kapena pomwe tsitsi lakumana ndi mdima wakumbuyo, palowane.

Lamulo limodzi la penti wamafuta limene simungalizembe ndi lakuti wapansi akhale wochepa mafuta, wapamwamba wochulukirapo. Gawo loyamba sungunulani ndi turpentine, magawo otsatira muzichepetsa turpentine nkumaonjezera kadontho ka mafuta a linseed. Mukatembenuza, wapamwamba amauma wapansi akadali wofewa ndipo pakapita nthawi chithunzi chimang'aluka. Umber amauma tsiku limodzi kapena awiri, koma woyera ndi cadmium amachedwa, ndipo nthawi ya chiperoni chinyezi chikachuluka pokhuthala pamatha sabata osauma, choncho popangana tsiku lobweranso muziganizira zimenezi. Penti akakhala pakati, wosauma komanso wosanyowa, akumata chala, musapakepo, amakokeka. Mukapeza malo ena akuda afwifwa atauma, pakanipo linseed wochepa kwambiri nkupukuta ndi kansalu musanapitirize, mtundu umabwerera. Poumitsa tsamiritsani thabwa kukhoma nkhope yoyang'ana kukhomako koma osakhudza, pamalo podutsa mpweya, chifukwa fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala komanso tizilombo tobwera ndi nyali usiku zikamatirira pa tsaya la munthu kuchotsa kwake nkovuta.

Tinsalu topukutira tonyowa ndi linseed musatiunjike pakona, timatha kutentha tokha mpaka kuyaka moto, tiyanikeni panja motambasula kapena tiponyeni m'chitini cha madzi. Fungo la turpentine limapweteketsa mutu ndipo woyamba kumva ndi wokhala pampandoyo, botolo muzitseka, mpweya uzilowa. Petulo musagwiritse. Maburashi ndimapukuta kaye, kuwatsuka mu parafini kenako sopo wamtanda ndi madzi mpaka thovu liyere. Burashi mkamwa ayi, ndipo sambani m'manja musanagwire nsima, cadmium ndi poizoni.

Kucheza nkololedwa. Mukamapenta manja kapena miyendo asiyeni alankhule, mukafika pakamwa mpomwe muwapemphe akhale chete pang'ono. Ola loyamba munthu amakhala ndi nkhope ya pa foto ya chitupa, yokonzekera, yolimba, koma akatopa nayo imagwa nkubwera nkhope yake ya masiku onse, imene a pabanja pake amaidziwa, ndipo imeneyo ndi yomwe mukufuna. Nchifukwa chake nkhope sindiimaliza tsiku loyamba. Pa nthawi yopuma amafuna kuona, ndipo sindiwaletsa, kungoti ndimawauziratu kuti masiku oyamba muona zamatopematope musakhumudwe. Mayi aang'ono ataona chatsala pang'ono kutha anagwira pakamwa amvekere, "Kodi ndakalamba chonchi ine?" Bambo aang'ono ali pakhomo akuti, "Ndi inuyo ndithu mayi, mpaka kakhwinya kapachipumi kamene mumapanga mukamawerengera ndalama." Anaseka onse, ndipo kakhwinyako kanatsala.

Ena adzakupemphani kuti mundiyeretseko pang'ono, mundichepetseko mphuno. Pa zithunzi za oda zokopera pa foto ndi ndalama zawo, koma pa izi ine ndimakana mwaulemu, ndimawaonetsa mitundu yonse imene ndapeza pakhungu lawo, buluu, wofiira, chikasu, ndipo ambiri akaona amasiya okha kupempha.

Chitenje chimasokoneza chifukwa mapindidwe ake amasintha nthawi iliyonse munthu akadzuka. Sankhani mapindo akuluakulu atatu kapena anayi amene akuonetsa pomwe bondo ndi ntchafu zili, muwapente tsiku limodzi, maluwa ake abwere kumapeto ndipo osati onse, ongokwanira kuti munthu azindikire kuti nchitenje chija. Avale chomwecho masiku onse. Ngati angakubwerekeni, chiyaleni pampando pamwamba pa pilo mumalize maluwawo iwo ali kwawo, palibe chifukwa chowakhazika pa zinthu zosafuna iwo.

Vanishi musafulumire, penti wamafuta amafuna miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa kuti aume mpaka mkati. Musanaike chithunzi pa Facebook funsaninso ngakhale anavomera poyamba, chifukwa kuvomera kupentedwa nkwina, kuonedwa ndi anthu onse a kutchalitchi ndi kuntchito nkwinanso. Mayi aang'ono anakana za Facebook ndipo chithunzi chawo chili pabalaza pawo, amalume anavomera ndipo tinagwirizana kuti chikadzagulidwa gawo lawo lilipo. Ngati mukuyenera kunyamula chithunzi chisanaumitsitse pa kabaza kapena pa minibasi, dulani tizidutswa tinayi ta katoni yokhuthala muike m'makona, vindikirani ndi thabwa lina lofanana kukula kuti pakati patsale mpata, mumange ndi mphira mbali zonse ziwiri, ndipo muchinyamule nokha pamiyendo, osapereka kwa kondakitala kuti akaike kumbuyo ndi matumba a chinanazi.